Ndinamweta mfundo za akazi anga paphiri

Munali mu 2017, ine ndili ndi zaka 64, pamene ndinapundula akazi anga chifukwa cha udzu. Sindikudziikira kumbuyo ayi. Inu owerenga, mverani.

Kwathu ndi ku Thambani, m'tsinde mwa phiri. Denga la khitchini yathu linali litaola, ndiye mu Julayi ndinauza akazi anga, a Nangozo, kuti tikamwete udzu pamwamba, poti wa m'munsi anthu anali atamaliza. Tinanyamuka mame asanaume, kukuzizira koopsa.

Kwathuko anthu akakwera phiri m'nyengo ya chiperoni amamanga mfundo pa udzu, kuti nkhungu ikatseka abwerere chopapasa mfundozo. Pamwamba pake njira imatha. Pali thanthwe ndi udzu basi, ndipo potsikira ndi pamodzi pokha, kwinaku ndi phompho. A Nangozo anamanga mfundo kuyambira potsikirapo mpaka pamene tinkamweta. Ine ndinawaseka. Ndinati phiri ili ndalikwera kuyambira ndili wa kabudula, silingandisokeretse.

Masana dzuwa linaswa mpaka ndinavula jekete. Kumwamba kuja n'kwina, abale. Mapiri a ku Mozambiki kutsogozana mpaka maso kutopa. Nyumba za kwathu ngati nyemba zotayikira pabwalo. Chiwombankhanga chinkauluka m'munsi mwathu, ife tikuchiona kumsana. Ndinaima kukamwa kuli yasa, ukulu wonsewu.

Kenako ndinaona kuti udzu wautali, wabwino kufolera, ndi womwe uli ndi mfundo uja. A Nangozo anali atapita kukasupe kukamwa madzi. Ndinalowetsa zenga, ndinamweta wonse.

Atabwera anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Abambo, mwamweta njira?"

Ndinati, "Mayi, njira ili m'mutu mwangamu. Mangani mitolo."

Mitambo inabwera cha m'ma thuu koloko. Inayambira pansi pathu, yoyera ngati thonje, inakwirira midzi yonse, ife tili padzuwa patokha. Chokongola chotero sindinachionepo, ndipo m'malo mofulumira ndinaima n'kumaonerera. Inakwera mwakachetechete, n'kutimeza. Dzanja langa lomwe sindinkaliona bwino. Mvula yowaza, mphepo yolasa m'mafupa, thanthwe kuterera ngati sopo.

A Nangozo anati tikhale pansi tidikire. Ndinakana. Ndinasenza mtolo, ndinatsogola, ndikuti nditsateni. Ndinalowera kolakwika. Pathanthwe lopendekeka ine ndinadutsa, iwo anaterereka. Ndinamva kukuwa kamodzi, kenako zii.

Ndinawapeza m'munsi atakodwa pamtengo wa msuku, mwendo utapindikira kosayenera. Pakanapanda mtengowo bwenzi ndikulemba za maliro. Ndinawafunditsa jekete, tinakhala pansi monga ananenera poyamba paja. Mano ankagundana, iwo akubuula, ine ndilibe chochita. Patapita nthawi nkhungu inang'ambika, dzuwa linatuluka, phiri lonse kunyezimira ngati palibe chachitika. Potsikira paja panali pompo, mtunda woponya mwala. Ndinawabereka mpaka tinakumana ndi amayi otola nkhuni, amene anaitana anthu otithandiza kufika kuchipatala.

Mpaka lero a Nangozo sanandinenepo ngakhale kamodzi. Kukanakhala kopepuka akanandikalipira.

Inu owerenga, sindikuti musakwere phiri. Kwerani, Mulungu anaikako zinthu zoti munthu aone asanafe. Koma chizindikiro chimene mnzanu waika musachichotse, kaya chikuoneka chopusa bwanji. Nkhungu ikatseka khalani pansi, ngakhale munabadwira pomwepo. Ndipo mkazi akalankhula paphiri, mverani.

Zimene ndinataya nazi: mitolo inayi, mazenga awiri, dimba lathu lonse la chaka chimenecho, miyezi itatu a Nangozo ali chigonere, ndi mwendo wawo wakumanzere, umene amaukoka popita kutchalitchi anthu onse akuona.