Zala Ziwiri za a Selemani

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, bwato langa linasweka pa nyanja ya Chia, ndipo ndinatha miyezi itatu ndikudyera kwa apongozi. Manyazi ake! Mlamu wanga ndiye anakandipereka kwa a Selemani, mmisiri wokhoma magitala pa boma la Nkhotakota.

Anali aukali ngati mavu mdala ameneyu. Ntchito yanga inali kupala thabwa la mkungudza la pamwamba pa gitala, limene iwo ankalitcha nkhope. Ukalisiya lochindikala, gitala imalira ngati yadwala chimfine. Ukalipala mopitirira, nsambo zimalizula, ngakhale zathu zinali za nayiloni chabe. Choyezera analibe. Ankatsina thabwalo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuligogoda pafupi ndi khutu, n'kunena kuti basi. Ukawonjezera, chibakera chinkakupeza pamsana.

Tsiku lina kunabwera Gostino, woimba pamisonkhano ya chipani china, munthu woyenda ndi anyamata azikwanje. Ankafuna gitala yoti izimveka mpaka ku mtsinje wa Bua. Ine ndinapala, a Selemani anatsina, nati basi, n'kupita ku mzikiti. Gostino anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti nkhalambayo ndi yamantha, ndipalekonso pang'ono. Kupusa kwangako, kufuna kutamidwa, ndinadutsitsa puleni kasanu pakati penipeni, pamene pamakhala kamtengo komangapo nsambo. M'mbali momwe iwo ankatsina sindinakhudzemo.

Pamsonkhano, Gostino atangokunga nsambo, nkhope ya gitala inaphulika, kamtengo kaja n'kumumenya m'diso anthu onse akuona. Masana omwewo iye ndi anyamata ake anatipeza, ali asanu ndi mmodzi. Anathyola chitseko, kutaya guluu, kuswera magitala atatu pakhoma. Gostino, nsalu yamagazi ili kumaso, anaponya zidutswa za gitala ija patebulo.

"Wapala thabwa ili ndani?"

Ine ndinakaima pakona, mkodzo ukutsika m'miyendo. A Selemani anatola chidutswa cha pakati, anachitsina, n'kundiyang'ana kamodzi kokha.

"Ndine. Muno wopala ndine ndekha."

Anyamata atatu anawagwira, kukanikiza dzanja lawo lamanja patebulo, Gostino n'kutsitsa hamala kawiri. Hamala yathu yomwe. Kuthyoka kwa mafupa aja ndimakumvabe, ndipo ndimadana ndi munthu amene anaima chete pakona tsiku limenelo.

Zala zija zinapola zopindika, zosamva kanthu. Nditapita kukaulula, a Selemani anandidula pakamwa, akuti nkhani yodziwika kale siidya nthawi ya ntchito. Anakankha thabwa latsopano ndi chigongono mpaka linandifika.

"Tsina, undiuze."

Ndinatsina zaka zisanu ndi zinayi iwo atakhala pambali panga, mpaka tinawaika m'manda. Lero zala zikati basi, puleni ndimaika pansi, kasitomala akalipe, anyengerere, kaya abwere ndi chikwanje. Zala zimene ndimayezera si zanga, ndinabwereka kwa a Selemani.