Liwiro la Kamunthu ka Mababu

Pansi pa masitepe a nyumba ya mashopu pali kachipinda komwe munthu sangaimirire osagunda mutu. M'menemo mumagwira ntchito bambo wina wokonza mafoni. Ali ndi tebulo lopapatiza, nyale yopindika khosi, galasi lokulitsa zinthu, ndi katoni ya mafoni akufa omwe eni ake analonjeza kudzatenga koma sanaonekenso. Ndi munthu wosachulutsa mawu. Ukamupatsa foni amayamba wainunkhiza pomwe pamalowa chaja, kenako n'kukuuza kuti inagwera m'madzi, ngakhale iwe ukane chotani. Makasitomala amamutchula Wamafoni, koma kwawo ndi Kaseti, ndipo dzinali likukalamba naye limodzi.

Anamupatsa dzinali ndi achimwene ake. Ali ana, bambo awo, omwe anali mesenjala pa ofesi ina, anabwera ndi kompyuta yomwe abwana ankafuna kutaya. Sinali ngati za masiku ano. Inali kiyibodi yonenepa yolumikiza ku tivi, ndipo magemu ake ankakhala m'makaseti ngati a nyimbo. Kuti gemu iyambe, umayenera kuliza kasetiyo n'kudikira ikulira ngati mphaka wopanidwa ndi chitseko. Voliyumu ikakwera pang'ono kapena kutsika, zonse zinkakanika, n'kuyambiranso. Ntchito imeneyo inali ya wamng'ono. Iye ndiye ankabweza tepi ndi cholembera, iye yemweyo n'kugwira chingwe cha tivi kuti chisasunthe, chifukwa chinali chothyoka m'kati. Wamkulu ankangokhala pampando n'kumathyola zala, kudikira.

Gemu yomwe ankaikonda inali ya kamunthu kosintha mababu m'nyumba yosanjikizana. Kankanyamula makwerero n'kumakwera nsanjika ndi nsanjika, kakuzemba mileme ndi ndowa zogwa kuchokera kudenga, kanyimbo kakuthamanga kumbuyo kwake. Achimwene ankafika pamwamba penipeni, pomwe nyumba yonse inkayaka mawindo onse. Kaseti sanapitirirepo nsanjika zapansi, ndipo sankadandaula. Nyumba ija ikayaka ankaona kuti nayenso wayatsa nawo, poti chingwe chinali m'manja mwake.

Dzanja losewera gemu lomwelo ndi lomwe linadzawadyetsa achimwenewo atakula. Anakhala wometa, ndipo anthu ankadutsa mababashopu ena onse kulondola lumo lawo. Makina ankagwiritsa ntchito ngati wina aliyense, koma pakhosi ndi m'masaya ankamalizitsa ndi lumo lopinda lachikale, lomwe ankalinola pa lamba. Ankakonda kunena kuti makina amameta tsitsi, lumo limameta munthu.

Sitiroko inawapeza masana ena akupukuta galasi. Anapulumuka, mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsalira m'mbuyo. Kuchipatala anawapatsa kampira kalabala koti azifinya, n'kuwauza kuti azibwera kudzachita mafizo olimbitsa dzanjalo. Kampirako kanathera pansi pa bedi. Kumafizo ankapita mochita kukokedwa ndi akazi awo, ndipo akabwerako ankakhala pa mpando wa pawindo, dzanja lili pa ntchafu ngati la munthu wina.

Alamu ake ndiwo anabwera pansi pa masitepe paja kudzamudandaulira Kaseti. Anati munthu sakudya, sakuyankhula, ngakhale mpira wa pa tivi akuti uzimitsidwe. Anati inu alamu mumaukitsa mafoni akufa, palibe chomwe mungachite ndi mbale wanu?

M'katoni muja munali kamakina ka magemu kogwira m'manja, kosweka galasi, komwe mwini wake anakasiya kalekale. Kaseti anakasintha galasi, n'kuikamo pulogalamu yomwe imanamiza magemu akale kuti akadali m'kompyuta yawo yakale ija. Anafufuza mpaka anapeza gemu ya mababu. Pulogalamuyo inkatha kudumpha kulira kwa kaseti, koma iye anakusiya dala.

Atakatsegula m'chipinda chochezera kwa achimwene n'kulira kuja kuyamba, achimwene anatembenuka kuchoka pawindo. Anayang'ana kamakinako nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati wabweretsanso cholembera chobwezera tepi. Kanali koyamba kuseleula chidwalireni. Alamu anathawira kukhitchini kukapukuta maso.

Koma kamunthu kaja sikanafike ngakhale pa makwerero oyamba. Maso ankaona ndowa ikubwera, chala chinkafika pa batani ndowa itagwa kale. Anayesa, nayesanso. Kenako anakavundikira kamakinako pa tebulo n'kubwezera nkhope kuwindo.

Kaseti anati batire likuoneka lofooka, akalionere kushopu.

Batire linalibe vuto. Koma pulogalamu ija ili ndi malo obisika pomwe munthu angachepetse liwiro la gemu yonse. Anachepetsa pang'ono chabe. Anadziuza kuti ndi ngati ndodo yoyendera, dzanja likayamba kulimba adzabwezera pang'onopang'ono mpaka mwakale, ndipo palibe adzadziwe.

Madzulo a tsiku lotsatira kamunthu kanakwera nsanjika yoyamba. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola, n'kupempha chakudya. Anangodandaula kuti nyimbo ikumveka ngati yatopa, sikuthamanga ngati kale. Kaseti anayankha kuti sipika za tinthu timeneti n'zazing'ono, zimamveketsa choncho. Bodza limenelo linatuluka mosavuta mpaka iye mwini anadabwa.

Vuto linali loti nsanjika iliyonse inali yovuta kuposa inzake. Achimwene akakanika masiku angapo, nkhope ija inkayambanso kulowera kuwindo, ndipo Kaseti ankapeza chifukwa china chotengera kamakinako, kaya batani likulimba, kaya galasi lalowa fumbi. M'malo mokweza liwiro ankalitsitsa. Nthawi zonse ankati aka n'komaliza. Mileme inafika pouluka ngati yakhuta, ndowa zikugwa ngati nthenga. Popeza zinkasintha pang'onopang'ono, khutu la achimwene linazolowera. Alamu ankamulandira pakhomo ngati dokotala, n'kumuikira nyama yaikulu m'mbale. Iye ankaidya mutu uli pansi.

Kenako achimwene anasiya kupita kumafizo. Anati a kuchipatala amangowafinyitsa mipira ngati mwana, pomwe mankhwala enieni ali nawo m'thumba. Kaseti atamva anatsegula pakamwa, koma atangoona mmene ankagwirira kamakinako, mapewa ali m'mwamba ngati mnyamata uja wa pa tivi ya bambo awo, anangofunsa kuti afika nsanjika iti.

Tsiku lomwe nyumba ya mu gemu ija inayaka mawindo onse, achimwene anamuimbira foni ali pakati powotcherera. Anamuuza kuti dzanja labwerera, ndipo mawa lake akubwerera ku babashopu. Anali atamuuza kale mnzawo wa mpando wachiwiri, yemwe ankasunga malowo. Kasitomala woyamba adzakhala aphunzitsi ena opuma pa ntchito, omwe chidwalireni wometa wawo akhala akukana lumo la munthu wina aliyense. Lumo analinola kale.

Kaseti anayika foni pansi. Anali ataona dzanja limenelo likunyamula kapu masiku apitawo, tiyi akusefukira m'sosala. Anaganiza za khosi la aphunzitsi aja, lowonda, lamakwinya, mitsempha ili poyera. Akakhala chete, lumo lipita pamenepo. Akayankhula, awalanda achimwene ake chinthu chokhacho chomwe chinawadzutsa pa mpando wa pawindo. Tsiku limenelo anawononga foni ya kasitomala, chinthu chomwe sachita.

M'mawa sanatsegule kachipinda kake. Anapita ku babashopu, n'kupeza achimwene atavala kale jekete yoyera, akukonza mabotolo pa shelefu ndi dzanja lamanzere. Aphunzitsi anali asanafike. Kaseti anakhala pa mpando wometera n'kunena kuti ayambe iyeyo, mwana wa m'nyumba.

"Iwe? Ndevu zimenezo n'zofuna lumo kapena kungozipepesa?"

Mnzawo uja anaseka. Achimwene anamukulunga nsalu m'khosi, n'kumupaka thovu uku akumunena kuti munthu wamkulu ngati iye amametedwa ndi makina ngati nkhosa. Kaseti anatseka maso. Anamva dzanja lamanzere likukoka khungu, lolimba, lodziwa ntchito. Kenako linabwera linzake. Ulendo woyamba lumo linatsika bwino patsaya, ndipo mtima wake unayamba kupempha kuti mwina, mwina gemu ija inathandizadi. Ulendo wachiwiri anamva chitsulo chikunjenjemera pang'ono, ngati foni yolira m'thumba la munthu wina. Pofika pansi pa khutu, pomwe lumo limafunika kukhota, dzanja linachedwa.

Sizinapweteke nthawi yomweyo. Anangomva kutentha, ndipo atatsegula maso anaona pagalasi thovu likusanduka lofiira.

"Wasuntha," anatero achimwene.

"Sindinasunthe, achimwene."

Mnzawo uja anabwera ndi thonje, koma Kaseti analigwira yekha n'kupempha kamakina kaja. Kanali m'thumba la jekete, sikankasiyidwa kunyumba. Analowa pamalo obisika paja achimwene akuona, n'kuwasonyeza pomwe liwiro linali, kenako analikweza mpaka pomwe opanga gemu analisiya. Anawabwezera.

Kanyimbo kaja kanatuluka kakuthamanga, kokwera, ndendende ngati pa tivi ya bambo awo. Achimwene anakazindikira asanakhudze n'komwe batani. Anaika lumo pa shelefu, n'kuyesa. Ndowa yoyamba yomweyo inakaphwanya kamunthu kaja kasanafike pa makwerero.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la batire lija."

"Ndiye sipika ija?"

"Sipika ndi yabwinobwino."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anatenga lumo, kulipukuta pa nsalu, kulipinda, n'kuliika m'dirowa. Nthawi yomweyo aphunzitsi aja analowa, chipewa chili m'manja, akupereka moni wa chisangalalo. Achimwene anawalandira mwaulemu, n'kuwauza kuti lero angobwera kudzaona malo, awameta ndi mnzawoyu, iwo aziyang'anira. Kenako anamasula nsalu m'khosi mwa Kaseti osamuyang'ana, n'kumuuza kuti apite akatsegule, anthu akudikira mafoni awo.

Mnzawo uja anati amumalizitse kaye, koma Kaseti anakana. Anayenda msewu wonse tsaya limodzi losalala, lina lili ndi ndevu, thonje lili pansi pa khutu. Mayi wogulitsa nsalu pamwamba pa masitepe anamufunsa ngati ndi sitayilo yatsopano kapena wometa wathawa ndi lumo. Anangomwetulira n'kuwerama kulowa m'kachipinda kake.

Alamu anabwera patapita masiku. Sanakhale pansi. Anati amuna awo abwerera kumafizo, ndipo mayi wa kumeneko wawakalipira onse awiri, akuti miyezi yomwe anajombayo ndi yomwe dzanja likanaphunzira msanga, tsopano ntchito yakula. Anati nawonso ankaona tiyi akutayika koma ankasankha kuyang'ana kumbali, poti m'nyumba munali mutabwerera kuseka. Sanamunene Kaseti, komanso sanamuuze kuti palibe kanthu. Pochoka anangoti kampira kaja amuna awo akatulutsa okha pansi pa bedi, ndi ndodo ya tsache.

Kaseti sanapite kunyumba kuja kwa nthawi ndithu. Bala linapola n'kusiya kamzere koyera, ndipo mpaka lero akamaganiza, chala chimapita chokha pamenepo. Makasitomala ena anaona kuti wasintha. Kale munthu akabwera ndi foni yoti singadzukenso, ankamuuza kuti aisiye tione, ndiye chifukwa chake katoni ija inadzaza. Masiku ano amanena pomwepo kuti iyi yapita.

Achimwene anatulukira okha masana ena, atavala malaya wamba. Anawerama pa khomo la kachipindako n'kuika kamakina kaja pa tebulo. Anati batire likutha msanga, ndipo ulendo uno likuthadi.

"Ndiima pompano. Usinthe batire lokha."

Kaseti anamasula tizitsulo take pansi pa nyale, manja ake onse ali poonekera. Anachotsa batire lotupa, n'kuika lina. Linalibe moto wokwanira, choncho analumikiza ku chaja, koma chingwe chake chinali chovuta, chofuna kugwiriziza. Achimwene anakhala pa katoni ya mafoni akufa n'kutsegula gemu. Kaseti ija inalira, kanyimbo kanayamba kuthamanga. Za lumo sananene, ndipo mng'ono wawo sanafunse.

Kamunthu kanazemba ndowa yoyamba, kanazemba yachiwiri, kanakwera makwerero. Pa nsanjika yotsatira mleme unakagwetsa. Achimwene anatukwana mlemewo ndi mtundu wake wonse, anatambasula zala pa bondo, n'kuyambiranso. Kunja kasitomala anagogoda pa khoma, foni ili m'manja. Kaseti anamupempha kuti adikire pang'ono, poti dzanja lake linali pa chingwe.