Tsiku Limene Ndinafufuta Amalume

Ndili chaka chachiwiri kusukulu ya ukachenjede, aphunzitsi anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba pa tchuthi. Anati aliyense alembe pulogalamu ya kompyuta yosunga chinthu chotchedwa galafu. Ine galafu ndinkadziwa ya kupulayimale ija, ya mizati italiitali ndi ifupiifupi, ndiye ndinagwedeza mutu ngati munthu womva. Minibasi yopita kwathu isanafike n'komwe pa Chimbiya ndinali nditazindikira kuti palibe chimene ndinatolapo.

Galafu imeneyi ndi madontho ndi mizere basi. Dontho limaimira chinthu, ndipo mzere umasonyeza kuti kuchokera pa dontho ili ukhoza kufika pa linalo. Mpaka pamenepo mutu sunkawawa. Chondisokoneza chinali lamulo loti pulogalamuyo isasankhe katundu. Lero madontho akhale midzi, mawa akhale manambala, mkuja anthu, koma pulogalamu ikhale yomweyo, ngati thumba limene silifunsa ngati mukuthiramo mbatatesi kapena makala.

Kwathu ndi kuseri kwa phiri la Dedza, ndipo unali mwezi wa Juni. Ndinkakhala pakhonde nditafunda bulangete masanasana, zala zitauma, laputopu ili pamiyendo. Poyamba ndinalemba yongolandira mayina a midzi. Nditaikamo manambala, kompyuta inandilalatira ndi zilembo zofiira. Ndinalembanso, tsopano paliponse pamene panali mudzi ndinaikapo chilembo chimodzi chotanthauza "chilichonse". Inavomera. Mpaka lero sindimvetsa bwinobwino kuti makina amavomera bwanji kusunga chinthu asanadziwe kuti n'chiyani, koma inavomera, ndipo ine sindinafune kuiputa ndi mafunso.

Dontho lililonse ndinalipatsa kamndandanda ka anansi ake. Kenaka ndinaphunzitsa pulogalamuyo ntchito zinayi: kuika dontho, kulemba mzere, kuchotsa dontho, ndi kuyenda kuchokera pa dontho limodzi mpaka itafika paliponse pofikika. Kuyendako kunandidyera sabata yathunthu. Inkachoka kwathu n'kupita kuchigayo, kuchoka kuchigayo n'kupita kutchalitchi, kuchoka kutchalitchi n'kubwerera kwathu, kenaka kuchigayo kachiwiri, osatopa, mpaka laputopu inkatentha moti ndinkaothapo manja. Ndinachita kuiuza kuti iziika chizindikiro pamene yaponda kale.

Kuchotsa dontho nakonso kunali ndi zake. Ndikachotsa mudzi, mizere yopita kumudziwo inkatsala ikulendewera, pulogalamu n'kutsata mzere wopita kopanda kanthu, n'kugwa chagada. Choncho ndinalemba kuti dontho likachoka, mizere yake yonse izichoka nalo limodzi. Gawo limeneli ndinalinyadira kwambiri, chifukwa ndi lokhalo limene ndinaliganiza ndekha.

Tsopano panafunika umboni woti thumba langa limanyamuladi chilichonse. Midzi ndinali nditayesa kale, ndiye ndinaganiza zoikamo anthu. Kwathu uthenga wa maliro kapena wa ukwati sumangoponyedwa. Aliyense ali ndi womuuza. Apongozi amamva kudzera kwa ankhoswe, mkulu samvera kwa mwana, ndipo ukalumpha munthu woyenera kupereka uthengawo wautsa mlandu. Ndinaona kuti imeneyi ndi galafu yopangidwa kale, yongofunika kuilemba.

Ndinawapeza amayi akusankha mbatatesi za mbewu kuseri kwa khitchini.

"Amayi, kutagwa zovuta pano, inu mungauze ndani?"

"Iwe, ukutiitanira maliro?"

"Ayi, ndi za kusukulu."

"Sukulu yake imeneyo yophunzitsa kulodza?"

Anakana mpaka dzuwa linapendeka, koma atayamba sanafunenso kusiya. Uyu amauza uyu, uyo amauza aja a ku Boma, aja a ku Boma amaimbira a ku Lilongwe. Ine ndinkangoika madontho ndi kulemba mizere. Pomaliza ndinafunsa za amayi aakulu a ku Mozambiki. Amenewa ndi mwana woyamba wa agogo aamuna, kwa mkazi wawo woyamba, ndipo anakwatiwa tsidya la malire ine ndisanabadwe. Ndi amene analera amalume, mchimwene wawo wa amayi, kuwabereka kumsana mpaka atayamba kuyenda.

"Nanga iwowo amauzidwa ndi ndani?"

"Ndi amalume ako. Winanso ndani?"

Zinali zoona. Amayi aakulu analibe foni. Amalume ankapalasa njinga kupita kumeneko mwezi uliwonse ukamatha, kukatenga mbewu, kukasiya sopo ndi mchere, kubwerako ndi moni wa mudzi wonse. Ife tonse tinkangolandira moniyo n'kubwezera wathu. Ndinalemba mzere umodzi kuchokera kwa amalume kupita kwa amayi aakulu, ndipo kuchokera kwa iwo mizere ina yopita kwa ana awo ndi azipongozi awo. Madontho onse anakwana 58. Aphunzitsi anandipatsa malikisi abwino, nalemba m'mbali kuti gawo lochotsa dontho ndalilemba mwaukhondo.

Chaka chotsatira, ndili panyumba pa tchuthi ngati chomwecho, amalume anadwala masiku atatu n'kumwalira Lachiwiri m'mawa. Akuluakulu anagwirizana kuti mwambo woika m'manda ukhale mawa lake masana. Amayi analowa m'nyumba ya siwa atafunda chitenje kumutu, ndipo sakanatha kufunsidwa kanthu. Mauthenga a m'banja mwathu nthawi zonse ankayendetsa ndi amalume, ndiye anthu anangoyang'anana. Apo abambo anakumbukira.

"Uyu ali ndi mndandanda m'makina mwakemo. Tatulutsa, anthu anyamuke."

Ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe n'kutsegula laputopu. Kunena zoona, pakati pa chisoni chonsecho ndinamva kakunyada. Ndinauza pulogalamu kuti iyambire pa amayi, iyende, indiuze kuti ndani akauze ndani. Inatulutsa mndandanda, ndipo pamzere wachiwiri panali amalume, atapatsidwa anthu oti akawauze. Ndinayang'ana dzinalo misozi ili m'maso. Munthu ali gone m'nyumbamo, makina akumutuma. Ndinalemba lamulo lochotsa dontho, n'kudina.

Nditayendetsanso, pansi inalemba kuti anthu ofikiridwa ndi 49.

Apa mutu unaima. Pa 58 kuchotsapo mmodzi sipatsala 49, izi ngakhale wa sitandade thuu amadziwa. Ndinayendetsa kachiwiri, yomweyo. Ndinaganiza kuti gawo lowerengera lawonongeka, ndinaliwerenga mzere ndi mzere, linali bwinobwino. Ndinabwezeramo midzi ija, chigayo ndi tchalitchi, inayenda mosaphonya. Ndinayamba kudzikayikira ndekha: mwina sanali 58, mwina ndikusokoneza ndi nambala ina. Sizinandifikire m'mutu zoti ndifunse kuti asowawo ndi ndani. Ndinkafunafuna cholakwa m'pulogalamu, pamene pulogalamuyo inkachita ndendende zimene ndinaiphunzitsa. Batire linali litafiira, amuna awiri a njinga zamoto oti akapereke mauthenga ataima chapafupi akundiyang'ana.

"Aphwanga, dzuwa likupita. Makinawo akana?"

"Ayi, zatheka."

Ndinakopera mayinawo pa mapepala a m'kope n'kugawa. Wina anapita kwa ankhoswe, wina ku Boma, ena anagwira mafoni.

Anthu anabwera ochuluka. Akwaya anaimba, akatekisiti anatsogolera mapemphero, ndipo ankhoswe ena anandigwira dzanja n'kunena kuti uthenga sunayendepo mwadongosolo chotere, palibe amene analumphidwa. Ndinavomera ndi mutu, koma nambala ija inkandibaya mumtima ngati kamwala mu nsapato.

Tikuchokera kumanda, amayi anatsalira m'mbuyo mwa gulu n'kundikodola. Mawu anali atasasa ndi kulira.

"Akulu anga sindinawaone. Kumeneko anatumidwako ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo yankho linabwera lokha: amalume. Ndinawerenga mumtima, amayi aakulu, ana awo anayi, azipongozi atatu. Asanu ndi atatu osowa aja. Mzere wopita kwa iwo unali umodzi wokha, ndipo unachoka limodzi ndi dontho la amalume, mwaukhondo, monga mmene ndinalembera. Ndinawauza amayi zonse, za madontho, za mizere, ndikudodoma. Sindikudziwa ngati anamvapo kanthu. Anangoti, "Nanenso sindinakumbuke. Ndimangoti amalume ako apita okha kukanena."

Lachisanu ine ndi amayi tinanyamuka wapansi kupita kwa amayi aakulu. Amayi anali asanapondeko kuyambira ine ndili kumsana, ndipo njira zinali zitasintha. Tinasochera kawiri m'minda ya mbatatesi, tinafunsa kwa anthu odula mitengo ya paini, tinadutsa malire osadziwa kuti tadutsa. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, ndipo onse ankamveka opusa. Ukamuuza bwanji munthu kuti mlongo wake anaikidwa iye osadziwa chifukwa cha dontho?

Tinawapeza amayi aakulu pabwalo akupeta nyemba. Atationa anaika lichero pansi n'kuyamba kululutira.

"Ine lero ndaona zachilendo! Mng'ono wanga ndi mapazi ake? Nanga mlongo wathu watsalira pati, njinga yaphwa?"

Amayi anakhala pansi pafumbi pomwepo, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira maliro. Ndinaona nkhope ya amayi aakulu ikusintha pang'onopang'ono. Anagwira mzati wa khonde.

"Liti?"

"Lachiwiri," ndinayankha ine.

"Ndiye mwabwera kudzanditenga?"

"Tinaika dzana, amayi."

Amayi aakulu anatembenukira kwa ine. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Mwana ndinamulera ndekha, mwamukwirira ngati alibe mlongo?"

Ndinagwada n'kunena kuti wolakwa ndine, kuti mndandanda ndinalemba ndine. Ndinayamba kufotokoza za makina, koma amayi anandigwira mkono kuti ndikhale chete.

"Akulu, wotiuzira kwa inu anali yemweyo. Zaka zonsezi tinamusiyira yekha njira ino."

Analira awiriwo atakumbatirana, anansi anasonkhana, ndipo maliro anayambiranso pabwalo pamenepo ngati amalume angomwalira kumene. Mawa lake amayi aakulu anabwera nafe kudzaona manda. Anakhala pambali pa mtumbira nthawi yaitali akusalaza dothi ndi dzanja. Nkhope ya mlongo wawo sanaionenso, ndipo chimenecho palibe chimene ndingachite kuti ndiwabwezere.

Pano ndimagwira ntchito yolemba mapulogalamu, ndipo magalafu ndalemba ambiri. Ndikafika pa gawo lochotsa dontho ndimachedwapo kuposa anzanga. Ndimaika chenjezo loti pulogalamu iyambe yanena amene atsale okha dontholo likachoka. Anzanga amati ndimachulutsa ntchito. Mwina akunena zoona, chifukwa mpaka pano sindidziwa kuti cholakwa chinali pati kwenikweni, m'makina, mwa ine, kapena m'banja lonse limene linkadalira njinga imodzi.

Tsiku lobwerera kwawo, amayi aakulu anamasula kampukutu kamene anabwera nako. Munali nyemba zija ankapeta, za mbewu, zimene anasungira amalume kuti adzatenge mwezi ukatha. Anandipatsa m'manja.

"Ukabzale kumunda kwa amalume ako. Njinga yawo ilipo?"

"Ilipo, amayi."

"Upope matayala. Mwezi ukatha ndikhala ndikuyang'ana kunjira."