A Makwerero ndi adiresi yolandidwa

Malume anga anthu ankawatchula kuti a Makwerero. Moyo wawo wonse wa ntchito anayenda ndi makwerero paphewa, akukhomera timabokosi toyera ta waifai kumadenga a masukulu, mahotela ndi zipatala. Ngakhale kunyumba ankadya maso ali m'mwamba, mpaka akazi awo ankati, "Bambo, mbale ili pansi pano. Kudengako kulibe ndiwo."

Sitiroko itawagwetsa, anawagoneka m'wodi yapansi ya chipatala chimene iwo omwe anaikamo waifai, kabokosi kamodzi kali pamwamba penipeni pa bedi lawo. Akazi awo anali atamwalira kale, choncho wowadikirira ndinali ine.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga, amakhala kutali, ndipo anali atangobereka kumene. M'wodimo netiweki ya foni sinkafika, ndipo malume sakanatuluka chifukwa cha mapaipi amene anawalumikiza. Ndinapita panja kukalandira zithunzi za khandalo, koma nditawaonetsa anakankha foni ndi dzanja limene linkagwirabe.

"Chithunzi sichindiona," anatero movutikira. "Ndikufuna ndilankhule naye, andione."

Tikanaimba foni ya vidiyo, koma waifai ya odwala inali itatsekeka. Masana ena kunabwera mayi wamfupi wa magalasi, wokonza makompyuta pachipatalapo, amene anaphunzira ntchito kwa malume. Anakhala m'mphepete mwa bedi, laputopu pamiyendo.

"Abwana, mwagona pansi pa katundu wanu kuopa kuti tikuberani?"

Malume anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Waononganso chiyani iwe?"

"Mtsogoleri wandikana."

Ataona kuti ndasokonezeka, mayiyo anandifotokozera. Timabokosi tonse timasankha kamodzi kukhala mtsogoleri, ndipo kameneko kamakhala ndi adiresi yapadera. Wofuna kusintha chilichonse, ngakhale kutsegulira odwala waifai, amalowera pa adiresi imeneyo.

"Ukaitana ikuyankha?" malume anafunsa.

"Ikuyankha, koma tsamba lake silikutseguka."

"Ndiye akuyankhayo si iye. Wina wamulanda adiresi."

"Inenso ndaona choncho. Yamulanda ndi pulinta, koma agula zambirimbiri zatsopano, ofesi iliyonse yakeyake. Nanga zingwe zanu zija munalembapo kuti ichi chikupita kuti?"

"Zinali m'mutu."

"M'mutu muno?" Mayiyo anawagwira pachipumi, kenako anachotsa dzanja msanga.

"Zimitsa zonse, uyatse kamodzikamodzi."

"Manesi akugwiritsa ntchito, abwana. Sindingazimitse chipatala chifukwa cha mdzukulu."

"Akanakhala wako ukanazimitsa."

Mayiyo anatseka laputopu n'kuyamba kuyenda ofesi ndi ofesi, akugwada kuseri kwa matebulo, akuzula chingwe cha pulinta, kuyesa, n'kubwezeretsa. Ndikapita kukatunga madzi otentha ndinkakumana naye m'khonde, maondo a thalauza ali mbuu. Maofesi ena anali okhoma, eni makiyi atapita kokapuma kumapeto kwa sabata. Akadutsa pakhomo la wodi, malume ankadzutsa mutu, iye n'kupukusa wake.

Malume anandiuza kuti ndiwamete ndevu ndi kuwaveka malaya a kolala. Anakhala nawo choncho, osalola kuti ndiwavule, ngakhale phala litadonthera.

Pulintayo inapezeka m'chipinda chosungira mankhwala, mwini kiyi atabwera. Mayi uja anafika m'wodi akupuma mofulumira, n'kundilembera yekha pasiwedi m'foni. Koma m'mawa wa tsiku limenelo sitiroko inali itawagwiranso malume kachiwiri. Maso anali otsegula, osatsata chilichonse.

Ndinaimbabe. Msuweni wanga anaoneka atakhala pabedi, tsitsi losapesa.

"Ababa, ndine. Mwatchenatu. Onani, mphuno ndi yanu yomweyi."

Anadikira.

"Akundimva kodi?" anandifunsa.

Ndinawapukuta malume pakamwa, n'kusendeza foni pafupi ndi nkhope yawo. Msuweni wanga anakweza mwanayo m'mwamba, namugwira choncho osamutsitsa.