Nsalu ya Joanna

Joanna wa ku Ulongwe sankadziwa kukweza mawu, ngakhale poingitsa nkhuku. Mwamuna wake Willard anapita ku Halale kukagwira ntchito nkhondo yaikulu itangotha, iye n'kutsala akulima yekha, kulera ana yekha. Chomwe Willard anatumiza pa zaka zonsezo ndi nsalu imodzi yofiira yamaluwa achikasu. Joanna ankaivala Lamulungu lokha, ndipo dera lonse linkadziwa mwini wake.

Mphunzitsi wa kutchalitchi, a Hilary, ankakonda kuwerenga malangizo a Ayuda anzeru akale onena za akazi. Ankati mkazi wabwino amakhala chete, wolongolola ndiye amapasula nyumba. Joanna zimenezi ankazimeza zonse.

Chaka china a Hilary anakonza sewero la malangizowo. Masiku amenewo akazi sankasewera pagulu, mwamuna ndiye ankavala nsalu n'kukhala mkazi. Choncho a Hilary anapita kukabwereka nsalu ya Joanna, iye n'kupereka ndi manja awiri, kuyesa ulemu.

Tsiku la sewero nsalu ija inatulukira m'chiuno mwa mkazi woipa, wotukwana apongozi, wolowetsa amuna kuseri mwamuna wake ali ku Halale. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka makosi onse anapotolokera kwa Joanna. Mwa nsalu zonse za pa Ulongwe, aphunzitsi akanasankhiranji imeneyo akanakhala kuti sakudziwa kanthu?

Willard atabwerera, alongo ake anamuuza nkhaniyo asanatule n'katundu yemwe. Ankhoswe atasonkhana anafunsa a Hilary ngati sewerolo linkanena Joanna.

"Iyayi, ine za m'banja sindilowerera," anatero munthu wa Mulunguyo, maso ali kumbali.

Atafunsa Joanna, iye anazyolika monga anamuphunzitsira.

"Mwaona? Akusowa chonena," anatero amalume a Willard.

Willard ananyamula bulangete lake n'kukakwatira ku Balaka. Joanna anatsala ndi khasu, ana ndi dzina loipa.

Koma anthu ena manyazi alibe. Chaka chotsatira a Hilary anaodiranso pakhomo pa Joanna, akuti anthu analikonda sewero lija, ndiye afuna nsalu yomwe ija. Joanna analowa m'nyumba, n'kutuluka nayo, n'kuiponya pafumbi.

"Tolani, aphunzitsi," anatero mokweza mpaka oyandikana nawo anasuzumira. "Pano palibenso banja lina loti mupasule."