Malipoti Amene Ndinasokoneza

Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya sukulu ina yasekondale kufupi ndi Naisi, ndipo pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsa malikisi a ana ndinailemba ndine. Inali fayilo imodzi yaitali kwambiri, chifukwa chaka chilichonse ndinkangowonjezera zina pansi, zam'mwamba osazikonza.

Teremu ina, amadamu ophunzitsa masamu anandiuza kuti mayina a ana ena akutuluka kawiri. Ndinali nditangoyamba kugwiritsa ntchito chida cha AI chothandiza kulemba mapulogalamu, ndiye ndinawauza monyada kuti pofika buleki zikhala zitatheka. Ndinachiuza chidacho kuti chisakhudze gawo lopereka magiredi, kenako ndinachiwerengetsa fayilo yonse, pamodzi ndi mndandanda wa ana onse. Ndinkadziwa bwino kuti chida chotere chimasunga zochepa pa nthawi imodzi, ndipo chikadzaza chimatha kutaya zimene munachiuza koyambirira. Koma ndinachita ulesi kufufuza pomwe panali vuto. Mayina chinakonzadi, koma chinasinthanso magiredi, ine osayang'ana.

Patapita sabata malipoti atatuluka, ku ofesi ya ahedi kunabwera bambo wina wogulitsa nsalu pa Songani, atavala mkanjo woyera, mwana wawo wamkazi ali pambuyo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti zatheka bwanji mwana wokhala ndi malikisi ambiri chonchi kulembedwa kuti walephera. Anati anali atamukalipira kale, n'kumuletsa kupita ku ukwati wa msuweni wake ku Liwonde. Mtsikanayo ankangoyang'ana pansi.

Ahedi ananditembenukira. Ndinayamba kunena kuti asokoneza ndi makina, koma amadamu aja anandidula mofatsa.

"Achimwene, nanga makinawo anawasenzetsa katundu yenseyo ndani?"

 

Masana omwewo ndinabwezeretsa fayilo yakale. Ndinachiuza chidacho kuti chiyambe chafufuza pomwe pamatuluka mayina, chiwerenge mizere yokhayo basi. Chinakonza mosavuta, ndipo zimene chinasintha ndinaziwerenga ndekha mzere ndi mzere. Pambuyo pake fayilo ija ndinaiduladula m'tizigawo.

Lipoti lolondola ndinakapereka ndekha ku Songani. Bambo aja anandipatsa mpando m'shopu, analiwerenga kawiri, nandithokoza, zimene zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Anaitana mwana wawo kuti adzalione. Mtsikanayo anabwera, analilandira ndi manja awiri, koma ine sanandiyang'ane. Ukwati uja unali utachitika kale Loweruka.