Chodulira Tchizi cha a Norway

M'kabati ya m'khitchini mwanga kuno ku Thamesmead muli kachipangizo kachitsulo kooneka ngati fosholo yaing'ono, kokhala ndi mpata wakuthwa pakati ndi chigwiriro chamtengo chimene chinada kalekale. Ndi chodulira tchizi. Amene anafika pa maliro a mayi anga ku Edmonton, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, amayesa kuti akudziwa nkhani yake, chifukwa mkulu wina wa mpingo anaifotokoza pamenepo kuti anthu apepukidweko mtima. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi yakhala ikuyenda m'maukwati ndi m'mapemphero a ku Ilford, aliyense akuithira mchere wake, theka m'Chichewa theka m'Chingerezi. Amati ndinali mwana wachipongwe amene ananyoza mzungu wokalamba, mzunguyo naseka mpaka misozi, nandipatsa mphatso. M'chiganizo chimodzi chimenechi muli zolakwa zitatu. Sindinali wachipongwe, ndinachita kutumidwa. Mkuluyo sanaseke. Chodulira tchizichi sanandipatse, anachisiya, ndipo munthu wosasiyanitsa kupatsa ndi kusiya ayenera kuleka kufotokoza nkhani za eni ake.

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo inali nyengo yozizira yachiwiri chifikireni ku London. Tinkakhala atatu m'zipinda ziwiri zam'mwamba ku Edmonton: mayi, amene anali namwino pachipatala chachikulu, amalume, ndi ine. Amalume anali mphunzitsi kwathu asanathawe chifukwa cha ndale, koma ku London ankapakira makatoni m'fakitale. Akaweruka ankandikhazika patebulo ndi kundilembetsa Chichewa, ati chingandithawe. Kumudzi sankalemba kalata. Masiku amenewo envulopu yokhala ndi dzina lawo ikanatha kumangitsa woilandira.

Pansi pathu pankakhala mkulu wina wochokera ku Norway, amene anakalambira pa sitima zapanyanja. Anali ndi chilonda chosapola pamwendo, ndipo mayi ankachitsuka ndi kuchimanga akachoka kuntchito. Lamulungu lililonse masana kunkabwera mnzake wochokera ku Sweden, amene kale ankakonza injini pa sitima imodzi ndi iye. Mayina awo ankatipinda lilime, choncho mayi ankangowatcha a Norway ndi a Sweden, ndipo inenso ndiwatcha motero. A Norway anali onenepa, a mawu okhuthala ngati ng'oma. A Sweden anali aatali, oonda, aukhondo, ndipo ankafika ndi mabanzi onunkhira m'pepala, atakwera mabasi awiri.

Chipinda cha a Norway ndimachikumbukira ndi mphuno: palafini wa mbaula, fodya wa m'kaliwo, khofi wakuda, ndi mankhwala a chilonda. Mawindo ankachita thukuta. Patebulo pankakhala tchizi chofiirira chotsekemera ngati shuga wopserera, chimene anzawo a pasitima ankawabweretsera. A Sweden ankachitcha sopo, koma ankadya. Ife tinkaitanidwa tikabwera kutchalitchi, ndipo tisanavule n'komwe majasi nkhondo inali itayamba kale.

A Norway ankakweza chodulira tchizi m'mwamba nati: "Ichi tinapanga ndife. Ku Sweden anachilandira, koma mpaka lero akufunsana kuti mbali yopesera tsitsi ndi iti." Ankatifunsanso mmene munthu angamizire sitima ya ku Sweden yoyenda pansi pa madzi, n'kudziyankha okha kuti umangogogoda pachitseko, a m'katimo amatsegula. Koma nthabwala imene ankaikonda koposa inali ya bwato. Munthu wa ku Sweden, ati, anaona madzi akulowa m'bwato mwake pachibowo, ndipo atalingalira mozama anaboola chibowo chachiwiri kuti madziwo azitulukira. A Sweden ankadikira kuti kuseka kuthe, n'kupukuta pakamwa, n'kutembenukira kumpando wa mnzawo. "Nkhalamba iwe," ankatero mofatsa, "nkhani imeneyi kwathu timaidziwa. Woboola bwatoyo anali mchimwene wako." Mawu ake anali omwewo sabata ndi sabata, ndipo palibe amene ankatopa nawo.

Tsiku loyamba mayi anachita mantha, poganiza kuti anthuwo amenyana. Amalume ndiwo anazindikira msanga. "Achemwali, musadandaule, awa ndi asuweni," anatero. "Chisuweni chenicheni, cha mayiko awiri oyandikana." Ndipo anaseka mmene sindinawaonepo akuseka chichokereni kwathu, mutu uli chagada, dzanja likumenya bondo. Pokwera masitepe madzulo amenewo anayamba kundiuza za msuweni wawo wa kumudzi, amene ankawalanda chipewa pamaso pa ana asukulu ndi kuwatcha Mutu wa Dzungu. Nkhaniyo sanaimalize. Ankaiyamba kawirikawiri Lamulungu, ndipo sindikumbukira tsiku limene inafika kumapeto.

Ine ndinali mwana wodziwa kutengera anthu. Sindikunena izi modzitama, pakuti luso limeneli ndilo linandigwetsa. Pofika Khirisimasi ndinkatha kukoka mwendo ngati a Norway, kugwira pensulo ngati kaliwo, ndi kutsitsa mawu mpaka pachifuwa. Ndinkachita zimenezi m'khitchini mwathu mokha, amalume akuomba m'manja, mayi akundiletsa koma akubisa kumwetulira.

Chaka chitangoyamba, a Norway anadwala chibayo ndipo anawagoneka kuchipatala cha mayi. Sanatuluke. Asanamwalire anapatsa mayi chodulira tchizi chokulungidwa m'mpango, nati: "Mukampatse wa ku Sweden uja, koma mumuonetse kogwira." Mwambo wa maliro unachitikira kumalo otenthera mitembo, tsiku la chifunga, ndipo unatha tisanafunde n'komwe pamipando. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, kuwerengera m'busa. Mayi anakhumudwa kwambiri. Pobwerera anandigwira dzanja mwamphamvu nauza amalume m'Chichewa: "A Sweden alibe wina aliyense m'dziko muno. Akaleka kubwera kwathu Lamulungu, adzafera m'nyumba okha, ndipo wodziwa sadzapezeka. Tiwagwire." Ndi chifukwa chake anawaitanira kuzipinda zathu masana omwewo, kuti azolowere masitepe athu.

Mayi ananyamula mpando wa a Norway kuchokera pansi, ati mipando yathu inali yosakwana, koma palibe amene analimba mtima kukhalapo. A Sweden anakhala moongoka, jasi lawo lakuda lili pamiyendo. Analandira mpangowo, namva uthenga wake, ndipo milomo yawo inagwedezeka pang'ono. Ndinkamva supuni ya mayi ikuzungulira m'kapu ndi phokoso la mabasi kunja.

Pano ndiyenera kuwaimirira amalume, pakuti ofotokoza ena amawachotsamo m'nkhaniyi. Kwathu maliro sasiyidwa kuti alemere mpaka kuphwanya anamfedwa. Asuweni ndi adzukulu amalowererapo: wina amavala chipewa cha womwalirayo, wina amatengera kayendedwe kake ndi mawu amene ankakonda, ndipo anamfedwa amaseka misozi ili m'masaya. Umenewo ndi ulemu. Amalume anaona munthu akumira, natambasula chingwe chimene ankachidziwa. Anandikodola nandinong'oneza: "Mphwanga, tachita ya bwato ija. Uwapepuze agogowa."

Ndinaimirira. Ndinakoka mwendo kuchokera kuchitseko mpaka patebulo, ndinaluma pensulo, ndinatsitsa mawu. Ndinaichita bwino, ndipo ichi ndicho chimandipweteka kufikira lero. Ndikanaiphonya, bwenzi ali masewera a mwana. Koma mawu a munthu amene tinali titangomusiya kumoto anatuluka m'kamwa mwanga athunthu, ndi kakhosomolo kake komwe. Nditafika pa chibowo chachiwiri amalume anaseka okha, mokweza, kenako analeka.

A Sweden anapukuta pakamwa monga mwa masiku onse. Anatembenuka, osati kwa ine, koma kumpando uja. "Nkhalamba iwe," anayamba, "nkhani imeneyi kwathu..." Anathera pomwepo. Anauyang'ana mpandowo nthawi yaitali, pakamwa pali potsegula. Ofotokoza amati analira. Sanalire, pakuti kulira kuli ndi mawu. Misozi inangotsika yokha mpaka pakolala. Anaika kapu pambale mosamala, anaimirira, anavala jasi ndi kumanga mabatani onse. Anagwira mayi chanza nawathokoza chifukwa cha tiyi. Pamutu panga anaikapo dzanja kamphindi, lozizira, lopepuka. Tinamva mapazi awo akutsika, akuima pang'ono pakhomo la a Norway, kenako chitseko chakunja. Mpango uja unatsala patebulo.

Lamulungu lotsatira mayi anagula mabanzi ndipo tinadikira mpaka kunja kunada. Linzake chimodzimodzi. Lamulungu lachitatu ananditenga, tinakwera mabasi awiri aja, chodulira tchizi chili m'chikwama chawo. Tinagogoda. Nsalu ya pawindo inagwedezeka, koma chitseko sichinatseguke. Mayi anaitana katatu pakabowo koponyera makalata, atagwada pasimenti yonyowa ndi diresi lawo lakutchalitchi. Anapitanso okha kawiri. Mitengo itayamba kuphuka, mayi wina woyandikana nawo anati mkuluyo anatengedwa ndi galimoto ya chipatala ndipo chipindacho chili ndi munthu wina. Mayi anafunsa m'zipatala zimene ankadziwako anthu, koma dzina lenileni la a Sweden tinalibe lolembedwa bwino. Tinali titadya nawo miyezi yonseyo tikuwatchula dzina la dziko.

Ndakhala ndi zaka zoposa makumi asanu zoganizira pamene tinalakwitsa. Amalume sananame kuti chinali chisuweni. Chimene sanawerengere n'chakuti kwathu munthu amakhala ndi asuweni ambiri, ndipo mmodzi akagona ena amatola mawu ake n'kupitiriza. A Sweden anali ndi mmodzi. Nthabwala ya bwato inali ya anthu awiri, wina woponya wina wobweza, ndipo ife tinawakakamiza kubweza kumpando wopanda munthu, pamaso pa alendo, tsiku lomwelo la maliro.

Chinanso ndichinene, chimene mkulu wa mpingo uja sakanachidziwa. A Sweden atatuluka, amalume anatola makapu napita kukatsuka, ntchito imene sankaigwira. Anatembenukira kukhoma, madzi akutayikira pansi, ndipo ndinawamva akunena motsitsa, kawiri: "Mutu wa Dzungu. Mutu wa Dzungu iwe." Ndinayesa akunena ine. Ndinalowa kuchipinda ndi manyazi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinatengerenso munthu aliyense.

Popeza ena amaiyesa nkhani yoseketsa, ndilemba pano zimene inatidyera.

Kwa a Sweden: khomo lomaliza limene akanagogodapo mu London.

Kwa mayi: maulendo atatu a mabasi awiri, diresi limodzi lothimbirira m'maondo, ndi munthu amene analonjeza kumugwira.

Kwa ine: luso limodzi, ndi kabati imene ndimaitsegula mosayang'anamo.

Kwa amalume: masana a Lamulungu, malo okhawo amene ankamvako anthu akutukwanana mwachikondi. Ine pa zaka khumi sindikanadziwa kuti posinki paja sankanena ine. Ankadziitana okha ndi dzina limene msuweni wawo anawapatsa, chifukwa m'dziko lonse lino munalibe wina wowaitana nalo.